Windows 10 yasiyidwa pamasiye: malaputopu a ku Mangochi alowera kuti?

Laputopu ikayamba kuchedwa kuyaka, kapena ikamazima yokha ntchito ili mkati, mankhwala amene anthu ambiri pa boma la Mangochi amawadziwa ndi amodzi basi: kuifomata. Mwini wake amaiika m'chikwama, n'kukwera kabaza kupita kwa mnyamata wokonza mafoni ndi makompyuta. Mnyamatayo amasolola fulashi m'thumba, amafufuta zonse zimene zinali m'makinawo, n'kuikamo Windows yatsopano. Dzuwa lisanapendeke laputopu imakhala yabwerera kwa mwini wake, Word ndi Excel zili momwemo, mwinanso ndi nyimbo zingapo zabasera.

Kwa zaka khumi zapitazi, chimene chimakhala pa fulashi imeneyo ndi Windows 10. Koma pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft, imene imapanga Windows, idasiya kusamalira pulogalamuyi. Tsiku lomwelo idasiyanso kusamalira Office 2016 ndi Office 2019. Palibe laputopu idazima, palibenso fayilo idasowa, ndipo n'chifukwa chake tsikulo lidadutsa mwakachetechete kuno. Komabe kuyambira pamenepo, funso lakuti m'laputopu muikidwe chiyani ikafomatidwa si laling'ononso ayi. Likukhudza mphunzitsi amene amasunga malikisi a ana, mlembi wa komiti ya asodzi, mwini malo ogona alendo ku Cape Maclear, wophunzira wa pa koleji ya za nsomba ku Mpwepwe, ndi aliyense amene amatsegula akaunti yake ya kubanki pa kompyuta.

Windows ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta yonse. Mapulogalamu ena onse amakhala pamwamba pake monga katundu m'boti. Anthu a kunyanja amadziwa kuti boti lamatabwa silimatidwa kamodzi n'kuiwalika. Ming'alu imatuluka nthawi ndi nthawi, ndipo mwini wake akaleka kumata, botilo limayendabe bwinobwino kufikira tsiku limene mwera wauka. Windows nayo imapezeka ndi ming'alu mwezi ndi mwezi, ndipo mbava za pa intaneti zimalowera momwemo. Mwezi uliwonse Microsoft imatumiza zigamba zotseka ming'aluyo kudzera pa intaneti. Zigambazi n'zimene zaleka kubwera kwa anthu a Windows 10 amene sadalembetse dongosolo lapadera.

Zimene zimachitika kompyuta ikakhala yopanda zigamba zidaoneka mu Meyi 2017, pamene vairasi yotchedwa WannaCry idatseka mafayilo m'makompyuta oposa 200,000 m'maiko pafupifupi 150, eni vairasiyo n'kumafuna dipo. Ku England zipatala za boma zidabweza odwala zikwizikwi. Chomvetsa chisoni n'chakuti chigamba chotseka mng'alu umene vairasiyo idalowera chidali chitatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho, koma makompyuta ambiri adali asanachilandire.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chidaimba. Microsoft idalengeza tsiku la 14 Okutobala 2025 kalekale mu 2021, chaka chimene idatulutsa Windows 11, ndipo idati amene ali ndi Windows 10 yovomerezeka asamukire ku yatsopanoyo kwaulere. Vuto lagona pa malamulo olowera m'nyumba yatsopanoyo. Windows 11 imafuna RAM ya 4GB ndi malo osungira zinthu a 64GB, zimene malaputopu ambiri ali nazo. Koma imafunanso kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndiponso purosesa yatsopanoko: ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, kapena ya AMD Ryzen 2000 kupita m'tsogolo. Kunena mwachidule, makompyuta ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2018 atsekeredwa kunja.

Malaputopu amenewa ndi amene adadzaza Mangochi.

N'kovuta kupeza munthu kwa Mponda, ku Namwera kapena ku Makanjira amene adagula laputopu yosatsegula m'katoni. Ambiri adagula ya kaunjika ku Limbe kapena ku Lilongwe, ena adachita kutumiziridwa ndi mchimwene wawo wa ku Joni, pakuti boma lino ndi limodzi mwa maboma amene anyamata ake ambiri ali ku South Africa. Malaputopuwa adayamba agwira ntchito zaka zingapo m'maofesi a ku Ulaya, ku America kapena ku Johannesburg. Ndi olimba ndithu. HP EliteBook 840 G3, Dell Latitude E7470 kapena Lenovo ThinkPad T460 imatha kulemba makalata, kuwerengera ndalama ndi kuonetsa mafilimu popanda chodandaula chilichonse. Koma zonse zitatuzi zili ndi purosesa ya m'badwo wachisanu ndi chimodzi, ndipo Windows 11 imazikana.

Ogulitsa amakonda kutchula "Core i5" kapena "Core i7" ngati kuti mawu amenewo ndiwo amanena zonse. Chimene wogula ayenera kuyang'ana ndi nambala yotsatira. Purosesa yolembedwa i5-6300U ndi ya m'badwo wachisanu ndi chimodzi, i7-7500U ndi ya wachisanu ndi chiwiri, pamene i5-8250U ndi ya wachisanu ndi chitatu. Choncho i5 yoyamba ndi 8 ili ndi tsogolo lalitali kuposa i7 yoyamba ndi 7, ngakhale wogulitsa angadulitse i7. Kudziwa kanambala kamodzi kameneka kungapulumutse ndalama zambiri za munthu amene wasonkha miyezi ingapo kuti agulire mwana wake wa ku koleji laputopu.

Nkhaniyi ikuyembekezeka kukula. Mu Disembala 2023 kampani yofufuza za misika ya Canalys idati makompyuta pafupifupi 240 miliyoni padziko lonse akhoza kutayidwa chifukwa cha kutha kwa Windows 10. Makampani a m'maiko olemera akachotsa makompyuta m'maofesi mwawo, si onse amaphwanyidwa. Ambiri amakwera sitima ndi ndege kulowera kuno. Kwa wogula wa ku Monkey Bay izi zidzaoneka ngati mwayi, chifukwa mitengo ikhoza kutsikako. Koma adzakhala akugula chinthu chimene mwini wake woyamba adachitaya podziwa kuti sichikutetezedwanso.

Microsoft idasiya kakhomo kamodzi kotsegula. Amene akufuna kupitiriza kulandira zigamba za Windows 10 angalembetse dongosolo lotchedwa ESU, limene polilengeza Microsoft idati kwa anthu wamba lidzatha pa 13 Okutobala 2026. Mtengo wake ndi madola 30 a ku America, kapena ulere kwa amene avomera kulowa ndi akaunti ya Microsoft n'kumasunga makonzedwe a kompyuta yawo pa intaneti. Makampani ndi mabungwe amalipira madola 61 pa kompyuta iliyonse chaka choyamba, ndipo mtengowo umawirikiza kawiri chaka chilichonse mpaka zaka zitatu. Pa mtengo wa kubanki wa mu 2025, wa pafupifupi K1,750 pa dola, madola 30 adali ndalama zoposa K52,000. Koma aliyense amene adayesapo kulipira kanthu kunja ndi khadi la kubanki m'zaka zino za kusowa kwa ndalama zakunja akudziwa kuti mtengo wolembedwa pa bolodi ndi nkhani ina, kupeza dolayo ndi nkhani inanso. Kuchokera pamene kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chogulidwa ndi madola chidatalikira munthu wamba. Mu 2025 Windows 11 Home yogula payokha idali madola 139, kutanthauza ndalama zoposa K240,000 pa mtengo womwewo wa dola.

Njira yaulere ija ikadathandiza ambiri akadaidziwa. Koma imafuna Windows 10 yovomerezeka ndiponso yomaliza kutuluka, ya 22H2, ndipo apa ndi pamene malaputopu ambiri ofomatidwa m'misika amagwera.

Si chinsinsi kuti mapulogalamu ambiri amene ali pa mafulashi a okonza makompyuta ndi othyola. Windows kapena Office ikafunsa chiphaso, amaitsekula ndi kapulogalamu konamiza, ndipo kuti kapulogalamuko kagwire ntchito, amayamba azimitsa chitetezo cha kompyuta. Lamulo la dziko lino la Copyright Act la 2016 limateteza mapulogalamu a kompyuta monga limatetezera nyimbo ndi mabuku, koma mantha a lamulo si amene ayenera kudetsa nkhawa mwini laputopu kwambiri. Mu 2021 akatswiri a chitetezo a kampani ya Red Canary adaonetsa kuti timapulogalamu tina tofalitsidwa m'dzina la KMSPico, kamene kamagwiritsidwa ntchito kuthyolera Windows, tidali titabisa vairasi yoba manambala achinsinsi osungidwa m'kompyuta. Mnyamata wokonza uja sakhala ndi cholinga choipa. Nayenso adangokopera kwa mnzake, mnzakeyo adatsitsa pa tsamba limene sakulidziwa mwini wake.

Chodabwitsa n'chakuti nthawi zambiri Windows imathyoledwa pa laputopu imene ili kale ndi chiphaso chake. Kuyambira nthawi ya Windows 8, makampani opanga makompyuta amalemba chiphasocho m'kati mwa makinawo. Laputopu yochokera mu ofesi ya ku Ulaya kawirikawiri imakhala nacho. Mukaikamo Windows yoyenera, yotsitsidwa pa tsamba la Microsoft lenileni, imadzitsekula yokha ikangogwira intaneti. Anthu akuthyola chitseko kiyi ali m'thumba.

Ena apeza njira yokakamizira Windows 11 kulowa m'malaputopu akale, pogwiritsa ntchito pulogalamu monga Rufus imene imalumpha malamulo a TPM ndi purosesa. Zimatheka, ndipo laputopu imayaka bwinobwino. Koma Microsoft idanena poyera kuti makompyuta otere alibe chitsimikizo chakuti azilandira zigamba, ndipo mtundu watsopano wa Windows 11 umene umatuluka chaka ndi chaka subwera wokha pa makina okakamizidwa. Mwini wake adzabwereranso kwa wokonza, n'kulipiranso.

Ngakhale kwa amene laputopu yawo ikuyenera Windows 11, pali msampha umene ambiri sakuuona. Poiika, Windows 11 imafuna intaneti ndi akaunti ya Microsoft. Kuyambira pa mtundu wa 24H2, ikaikidwa mwatsopano pa makina oyenera imatseka yokha zonse za m'kompyuta ndi loko wotchedwa BitLocker, ndipo kiyi wotsekulira pakagwa vuto amasungidwa mu akaunti imene idagwiritsidwa ntchito poika. Ngati wokonza adalowetsa akaunti yake pofuna kufulumira, ndiye kuti kiyi wa mafayilo a kasitomala ali m'manja mwa wokonzayo. Tsiku limene laputopu idzafunse kiyiyo, wokonza uja mwina adzakhala atapita ku Joni, nambala yake ya foni itasintha. Mafayilo otsekedwa motere palibe katswiri angawatsekule.

Pali mfundo imene ena amapereka, ndipo ndi yomveka: malaputopu ambiri kuno sakhala pa intaneti. Bandulo ndi yodula, ndipo Windows 11 yokha kuti itsitsidwe imadya magigabaiti oposa asanu. Laputopu imene ntchito yake ndi kutaipa mayeso ndi kuonetsa mpira wojambula kale siili pa chiopsezo chofanana ndi kompyuta ya kubanki. Komanso Microsoft yati ipitiriza kutumiza mndandanda wa mavairasi atsopano ku pulogalamu yake ya Defender pa Windows 10 mpaka 2028. Zonsezi n'zoona. Komatu mavairasi kuno amayenda pa fulashi, kuchoka pa malo osindikizira mapepala kupita kusukulu, kuchoka kusukulu kupita ku ofesi. Ndipo laputopu imene imalumikizidwa ku foni kamodzi pa sabata kuti itumize lipoti kapena kulipira msonkho, ili pa intaneti ndithu. Mapulogalamu enanso adzayamba kuikana pang'onopang'ono. Windows 7 idasiyidwa mu Januwale 2020, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2023 Google Chrome idaleka kutulutsa mitundu yatsopano yoyenda pa iyo.

Amene akuganiza kuti mbava za pa intaneti sizilabadira dziko losauka ngati lino akumbukire chaka cha 2024. Mu Febuluwale chaka chimenecho, Lazarus Chakwera, yemwe adali mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, adauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira ziphaso zoyendera adalowedwa ndi akathyali amene ankafuna dipo. Ntchito yosindikiza mapasipoti idaima kwa masabata angapo, ndipo anthu a ku Mangochi, kumene ulendo wa ku Joni ndi mbali ya moyo wa mabanja ambiri, adamva kuwawa kwake. Nkhani imeneyo sidali ya Windows 10, koma idaonetsa kuti Malawi ali pa mapu a mbavazo.

Njira imene ikuyenerana ndi thumba la anthu ambiri ndi imene siitchulidwa kawirikawiri m'mashopu a okonza makompyuta: kuchotsa Windows n'kuikamo Linux. Linux idayambitsidwa mu 1991 ndi Linus Torvalds, yemwe pa nthawiyo adali wophunzira ku Finland. Ndi yaulere mwalamulo, aliyense amaloledwa kuikopera ndi kugawira anzake, ndipo zigamba zake zimabwera popanda kulipira. Aliyense amene ali ndi foni ya Android ali nayo kale m'thumba, pakuti Android idamangidwa pa Linux. Mtundu wake wodziwika kwambiri, Ubuntu, udatuluka koyamba mu 2004 motsogozedwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina lakelo ndi liwu lomwe kuno timati umunthu. Ubuntu 24.04, ya mu Epulo 2024, ilandira zigamba zaulere mpaka 2029. Linux Mint, imene maonekedwe ake ndi ofananako ndi Windows, imatha kuyenda pa laputopu ya RAM ya 2GB yokha. ThinkPad T460 imene Windows 11 yaikana, kwa Linux ndi makina amphamvu.

Ndipo si yachilendo m'dziko muno. Makina ogusa pa galasi amene bungwe la Baobab Health lidayamba kuika m'zipatala, kuyambira pa Kamuzu Central ku Lilongwe mu 2001, adamangidwa pa mapulogalamu aulere a mtundu umenewu. DHIS2, imene unduna wa zaumoyo umasonkhanitsira ziwerengero zochokera m'zipatala za m'maboma onse, Mangochi yomwe, ndi pulogalamu yaulere yopangidwa motsogozedwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway. Kunja, sukulu za boma m'chigawo cha Kerala ku India zidasamukira ku Linux zaka zambiri zapitazo, ndipo mu 2024 chigawo cha Schleswig-Holstein ku Germany chidalengeza kuti makompyuta ake a boma pafupifupi 30,000 asiya mapulogalamu a Microsoft.

Komabe wonena kuti Linux ndi yankho la aliyense akunama. Mzinda wa Munich udasamukira ku Linux, koma mu 2017 khonsolo yake idavota kuti ibwerere ku Windows. Wojambula zikwangwani ndi makhadi aukwati amene amadalira CorelDRAW kapena Photoshop sangazipeze kumeneko. Mapulinta ena amavuta. Chikalata cholembedwa mu LibreOffice nthawi zina chimasokonekera mizere chikatsegulidwa mu Word, ndipo wophunzira amene akupereka pepala lake lomaliza sangaseke nazo. Chachikulu kuposa zonsezi ndi chizolowezi. M'sukulu ndi m'malo ophunzitsira makompyuta, mawu akuti kuphunzira kompyuta amatanthauza kuphunzira Word ndi Excel. Zotsatsa ntchito zimafuna munthu wodziwa Microsoft Office. Wokonza makompyuta naye amaika chimene akudziwa kuti kasitomala sabwera nacho mawa akudandaula kuti sakuona pogwira.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikuchoka m'manja mwa mnyamata wa fulashi n'kulowa m'manja mwa boma. Mphunzitsi mmodzi sangasinthe silabasi. Koma unduna wa zamaphunziro ungathe kunena kuti luso limene mwana ayesedwe ndi kulemba chikalata ndi kuwerengera pa kompyuta, osati dzina la kampani. Bungwe la TEVETA, limene limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, lingathe kuonetsetsa kuti wophunzira kukonza makompyuta akutuluka akudziwa kuika Linux monga amadziwira kuika Windows. Makompyuta ambiri a m'sukulu za sekondale adabwera ngati mphatso kuchokera ku mabungwe akunja atagwira kale ntchito kwina, ndipo sukuluzo zilibe ndalama zogulira ena. Kuwataya kungakhale kupusa, kuwasiya opanda zigamba kungakhale kusasamala.

Lamulonso lidasintha. Data Protection Act ya 2024 imalamula aliyense wosunga mbiri za anthu kuti aziteteze, ndipo bungwe la MACRA ndilo lidapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli. Pansi pa MACRA pomwepo pali MwCERT, nthambi yoona za chitetezo cha pa intaneti imene idakhazikitsidwa potsatira lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016. Chipatala chaching'ono, sukulu yoyima payokha kapena bungwe lobwereketsa ndalama limene likusunga maina, manambala a zitupa ndi matenda a anthu pa laputopu ya Windows yothyola, yosalandira zigamba, lingavutike kufotokoza kuti lidateteza mbirizo. Uthenga wotere uyenera kumveka pa wailesi za m'madera, m'Chichewa ndi m'Chiyao, pakuti chikalata cha Chingerezi choikidwa pa tsamba la intaneti sichifika ku Malindi.

Palinso nkhani ya kumene makina otayidwawa adzathere. Lipoti la mabungwe a United Nations lidati m'chaka cha 2022 dziko lapansi lidataya matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi, ndipo zosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi ndizo zidasonkhanitsidwa n'kukonzedwanso moyenera. M'makompyuta akale muli mtovu ndi zitsulo zina zapoizoni, ndipo mabatire ake amatha kuyaka. Tauni ya Mangochi ili m'mbali mwa Shire, pakati pa nyanja ya Malawi ndi Malombe. Chimene chatayidwa kudzala kuno, mvula ikagwa chimalowera kumene kumachokera ndiwo.

Pakadali pano, mwini laputopu amene akupita kukafomatitsa ali ndi zochepa zimene angachite yekha, ndipo sizifuna ndalama zambiri. Asanapereke makinawo, akopere mafayilo ake pa fulashi kapena pa hadi disiki ina, ndipo atsegule angapo kuti atsimikize kuti akoperekadi, chifukwa misozi yambiri m'mashopu amenewa imagwa zithunzi zaukwati ndi mapepala a sukulu zitapita kale. Achotse manambala achinsinsi amene adasungidwa mu Chrome. Afunse wokonzayo kuti, achimwene, Windows imeneyi mwaitenga kuti, ndipo ayese kaye ngati laputopuyo ili ndi chiphaso chake m'kati. Ngati pakufunika akaunti ya Microsoft, ikhale yake, alowetse ndi zala zake, ndipo kiyi wa BitLocker amulembe papepala. Ngati batire idafa, monga zilili ndi malaputopu ambiri a kaunjika, ntchitoyo ichitikire pamalo pamene pali sola kapena jenereta, pakuti magetsi akathima Windows ili pakati polowa, zonse zimayambiranso poyamba. Ndipo amene akufuna kulawa Linux sayenera kufufuta kanthu: Ubuntu ndi Mint zimayaka kuchokera pa fulashi, munthu n'kuyesa pulinta, intaneti ndi zikalata zake, akakhutira ndiye n'kuika.

Polengeza dongosolo la ESU, Microsoft idati kwa anthu wamba lidzatha pa 13 Okutobala 2026. Dongosololi likangotha, laputopu ya Windows 10 ya munthu wamba sidzalandiranso chigamba, ngakhale mwini wake atakhala ndi madola 30 m'manja. Mabasi ochokera ku Johannesburg akupitiriza kulowa pa Mwanza ndi pa Dedza, ndipo m'zikwama za apaulendo muli malaputopu a nambala yoyamba ndi 6 ndi 7, opita kwa abale a kwa Mponda.